Kukwera matanthwe m'Malawi: nyengo, malo ndi phunziro la ku Mbenji

Kukwera matanthwe ndi masewero amene munthu amakwera khoma la mwala ndi manja ndi mapazi ake, chingwe chili chongomuteteza kuti akaterereka asafike pansi. N'kosiyana ndi kuyenda m'mapiri, kumene munthu amatsata kanjira mpaka kukafika pansonga. Ku Ulaya ndi ku America masewerowa amafika pachimake mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi imene kumeneko ndi yotentha, ndipo okwera amathawira m'zigwembe za m'mapiri kufuna mthunzi. M'Malawi muno miyezi yomweyo ndi yozizira ndi youma, ndipo ndiyonso yabwino koposa pamwala, koma pa zifukwa zina. Munthu wongomva kuti nyengo yotentha ndiyo yokwera akhoza kupezeka pathanthwe mu Novembala mwala ukuotcha manja, kapena m'chigwembe mu Januwale madzi osefukira ali m'njira.

Dziko lino lili ndi miyala yambiri yoyenera masewerowa: miyala ikuluikulu ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi, mapiri oima paokha a ku Lilongwe ndi ku Dedza, komanso khoma la Chambe paphiri la Mulanje, limene lili m'gulu la makoma aatali koposa mu Africa. Chimene chimalamulira malo onsewa ndi nyengo. Anthu amene adaika nyengo ya mwala wawo m'malamulo momveka bwino kuposa ena onse si okwera mapiri ayi, koma asodzi a pachilumba cha Mbenji.

Mbenji, mwala wotsekedwa m'dzinja

Mbenji, kapena kuti Mbenje monga ena amalembera, ndi chilumba cha miyala cha m'nyanja ya Malawi, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Anthu amapitako pa boti kuchokera padoko la Chikombe. Mbiri yake ndi ya nsomba: utaka umene asodzi amakola ndi makoka a chilimira, komanso mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala ya pansi pa madzi.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukuyendetsa usodzi wa pachilumbachi ndi malamulo akeake. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala mvula ikayamba, ndipo chimatsegulidwa mu Epulo pamwambo waukulu. Pa nthawi yotseka palibe wololedwa kukhalapo kapena kuponya khoka m'madzi ozungulira. Chikatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, amayi saloledwa kufikako, ndipo wophwanya malamulo amachotsedwa.

Kutsekaku kumapatsa nsomba mpata woswana, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a za usodzi amatchula Mbenji ngati chitsanzo. Koma kumachotsanso anthu pamwala wapambalambanda pakati pa nyanja m'miyezi ya mphenzi ndi namondwe. Mbenji si bwalo la masewero, ndipo mlendo sangafikepo ndi chingwe chake mwaufulu. Chimene wokwera matanthwe angatengepo ndi kalendala yake: miyezi imene chilumbachi chimakhala chotseka ndi yomweyo imene matanthwe a dziko lino amakhala oopsa kwambiri. Palinso mfundo yachiwiri, yakuti mwala uliwonse uli ndi eni ake, ndipo wobwera amayamba wafunsa.

Mitundu ya kakweredwe

Masewerowa ali m'magulu anayi. Loyamba ndi kukwera miyala ifupiifupi, ya mamita 4 kapena 5, popanda chingwe. Pansi amayalapo matiresi okhuthala, ndipo mnzake wa wokwerayo amaima tcheru kuti amuwongolere pa matiresipo akagwa. Lachiwiri ndi kukwera njira zokhomedwa mabawuti achitsulo m'mwala, zimene nthawi zambiri zimatalika mamita 15 mpaka 35. Wotsogola amakoletsa chingwe pa bawuti lililonse akamakwera, mnzake ali pansi akumasula kapena kugwira chingwecho.

Gulu lachitatu ndi kukwera mwala wosakhomedwa kanthu. Wotsogola amalowetsa tizitsulo m'ming'alu n'kukoletsapo chingwe, ndipo wobwera pambuyo amatizula, mwala n'kutsala monga adaupezera. Lachinayi ndi makoma aakulu a mamita mazanamazana. Khoma lotere amaligawa m'ndime, ndime imodzi kukhala utali wa chingwe, ndipo anthu awiriwo amasinthana kutsogola. Nthawi zina amagona pakhoma pomwepo atadzimangirira.

Njira iliyonse imapatsidwa dzina ndi nambala yosonyeza kuvuta kwake. Pa kawerengedwe ka ku France, oyamba kumene amakwera njira za 4 ndi 5, ozolowera amafika pa 6 ndi 7, ndipo nambala yapamwamba kwambiri pakadali pano ndi 9c, imene Adam Ondra wa ku Czech Republic adayamba kuifika m'chaka cha 2017 ku Norway. Kukwera makoma ochita kupanga kudalowa m'masewero a Olimpiki ku Tokyo, amene adachitika mu 2021, ndipo kudaliponso ku Paris mu 2024. Pampikisano wa liwiro, akatswiri amamaliza khoma la mamita 15 m'masekondi osakwana 5.

Zipangizo

Chingwe cha okwera chimatalika mamita 60 kapena 70, ndipo chimapangidwa kuti chizitamuka pang'ono munthu akagwa, kuopa kuti angathyoke msana. Chingwe chomangira katundu pa lole kapena chokokera boti sichitamuka motero, ndipo sichingalowe m'malo mwake. Wokwera amavala lamba wozungulira m'chiuno ndi m'ntchafu, pamene amamangirira chingwecho. Palinso ngowe zachitsulo zotseka, zimene iliyonse imapirira kulemera kwa matani awiri, kachipangizo kogwirira chingwe kamene wa pansi amagwiritsa ntchito, chisoti choteteza mutu ku miyala yogwa, nsapato zothina za mphira wofewa, ndi ufa woyera wonga choko woumitsira thukuta m'manja.

Zipangizozi zimachokera kunja ndipo n'zokwera mtengo. Zimathanso mphamvu: dzuwa, mchenga ndi asidi wa batire zimawononga chingwe ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Komabe ngozi zambiri sizichitika chifukwa chakuti chitsulo chathyoka, koma chifukwa cha mfundo yosamangika bwino, kusamvana pakati pa wokwera ndi wogwira chingwe, kapena kufika kumapeto kwa chingwe potsika. Ndiye chifukwa chake anthu awiri amayenderana mfundo ndi malamba asanachoke pansi.

Chilimwe cha kunja ndi zigwembe zake

Kutentha ndi mdani wa wokwera. Manja amachita thukuta, mphira wa nsapato umafewa n'kumatsetsereka, ndipo mwala woombedwa ndi dzuwa umatentha kuposa mpweya. Chigwembe chimathandiza chifukwa chili ndi makoma awiri oyang'anizana: lina likakhala padzuwa m'mawa, linzake lili mumthunzi, ndipo masana zimasinthana. Mtsinje wa pansi umaziziritsa mpweya, ndiponso kukwera mamita 1,000 alionse kumatsitsa kutentha ndi madigiri pafupifupi 6.

Zigwa ndi zigwembe zina zidatchuka pa dziko lonse. Chigwembe cha Verdon ku France chimazama mpaka mamita 700. Ku Colorado kuli Eldorado Canyon, ndipo ku California kuli chigwa cha Yosemite, kumene kuli thanthwe la El Capitan la mamita pafupifupi 900. Warren Harding ndi anzake adamaliza njira yotchedwa The Nose pathanthweli m'chaka cha 1958, atagwira ntchito masiku 47 pakhoma. Pa 3 Juni 2017, Alex Honnold adakwera El Capitan popanda chingwe m'maola osakwana 4, chinthu chimene ngakhale akatswiri anzake sachilimbikitsa.

Ngakhale kumeneko, chigwembe chili ndi msampha wake. Mvula ya mabingu ya masana ikagwa kumtunda, madzi amasonkhana m'kanjira kopapatiza n'kutsika mwadzidzidzi, pamene pansi thambo lili mbee. Anthu a ku Salima amazidziwa bwino zimenezi. Mtsinje wa Linthipe, umene umalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe usanathire m'nyanja, umatha kudzaza chifukwa cha mvula imene yagwa ku Dedza kapena ku Lilongwe. Paja akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Nyengo zinayi pamwala wa Malawi

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi dzinja. Mwala umanyowa, ndere zimamera, ndipo malo amene mu Julayi phazi limaima bwino amaterera ngati sopo. Mphenzi zimakonda nsonga ndi malo apambalambanda. Nthaka ya pamwamba pa matanthwe imakhuta madzi n'kugumuka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Zipsera za zigumukirezo zidasintha makwawa ndi tinjira tina ta paphiri la Mulanje. Iyi si nyengo yokwera makoma aakulu kapena yolowa m'zigwembe.

Epulo ndi Meyi ndi masika. Mvula imaleka, koma madzi amakhala akuchuchabe m'makoma aatali, mitsinje ili yodzaza, ndipo udzu wautali umabisa njira zofikira patsinde pa thanthwe. Miyala ing'onoing'ono yoombedwa ndi mphepo imauma msanga ndipo imayamba kukwereka.

Juni mpaka Ogasiti ndiyo nyengo yeniyeni. Mwala umakhala wouma ndi wozizira, ndipo nsapato zimagwira bwino. Dzuwa limakhala chakumpoto, choncho khoma loyang'ana kummwera ndilo limakhala mumthunzi, mosemphana ndi ku Ulaya. Koma masiku ndi aafupi, mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndipo pamwamba pa Mulanje usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene panyanja amaitcha mwera, imautsa mafunde amene amaletsa maboti kuchoka padoko. Mpweya womwewo ukafika kumapiri a kummwera umabweretsa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimene zimatha masiku angapo. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Tsiku limene msodzi wa ku Chikombe wakokera bwato kumtunda chifukwa cha mwera, wokwera ku Mulanje ayenera kuyang'ana kumwamba kawiri.

Seputembala mpaka Novembala ndi chilimwe. Kunyanja, kumene kuli mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kutentha kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse mu Okutobala ndi Novembala. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala paliwombo, ndipo mthunzi umasowa mbali zonse za thanthwe. Timitsinje timaphwa, moto wolusa umayaka m'mapiri, ndipo mvula ya chizimalupsa imabwera ndi mabingu mosayembekezereka. Wokwera m'nyengoyi amayamba mbandakucha n'kutsika dzuwa lisanakwere, kapena amapita kumalo okwera monga Dedza.

Mulanje ndi khoma la Chambe

Phiri la Mulanje lidapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pamene chiphala chotentha chidauma pansi pa nthaka n'kukhala mwala wolimba. Miyala yofewa yozungulira itakokoloka, mwala wolimbawo udatsala uli chiimire pakati pa chigwa. Nsonga yake yaitali koposa, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo ndiko kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lino.

Kwa okwera matanthwe, dzina lalikulu ndi Chambe, nsonga ya mamita oposa 2,500 imene imaonekera bwino kwa munthu wochokera ku Blantyre. Khoma lake la kumadzulo lili ndi njira ya mamita pafupifupi 1,700, imene imawerengedwa kuti ndi yaitali koposa mu Africa. Khomali lili pawiri: gawo la m'munsi la mamita ngati 600, kenaka khonde lalikulu lomera mitengo ndi udzu, ndiye gawo la pamwamba limene ndi lalitali kuposa loyambalo. Frank Eastwood ndi Ian Howell adatsegula njira yolunjika pakhomali m'chaka cha 1977. Eastwood yemweyo adalemba buku lotchedwa Guide to the Mulanje Massif, limene lidatuluka koyamba mu 1979 ndipo lidakali maziko a zimene okwera amadziwa za phirili.

Kuvuta kwa Chambe si kutalika kokha. Mwala wake ndi wosalala, ming'alu ndi yochepa, choncho malo olowetsa tizitsulo totetezera amatalikirana. Pena wokwera amadalira zitsamba ndi zitsotso za udzu zomera pamwala, zimene m'chilimwe zimauma n'kumazuka. Poti khomali layang'ana kumadzulo, m'mawa limakhala mumthunzi koma masana onse dzuwa limaomba pomwepo, ndipo madzi akumwa ayenera kunyamulidwa kuchokera pansi. Si malo ophunzirirapo. Pansonga ya Chambe pamafikikanso podzera kum'mawa, kumene kuli njira yosafuna luso lalikulu, koma nayo ili ndi malo otsetsereka pamphepete pa phompho ndipo siyendeka mwala ukanyowa.

Paphirili pali tinyumba togona alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Sombani ndi malo ena. Dipatimenti ya za Nkhalango imatiyang'anira mothandizana ndi bungwe la Mountain Club of Malawi, limene lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Otsogolera alendo ndi onyamula katundu amapezeka ku Likhubula ndi m'malo ena oyambira ulendo.

Zigwembe za Mulanje ndi ngozi ya pa Ruo

Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imayambira pamwamba pa Mulanje ndipo idakumba zigwembe zakuya potsika. Muli mathithi ndi maiwe ozizira, ndipo lotchuka kwambiri ndi Dziwe la Nkhalamba pamtsinje wa Likhubula. Poti pamwamba pa phirili pali mwala wambiri wosamwa madzi, mvula ikagwa mitsinjeyi imadzaza m'kanthawi kochepa.

M'chaka cha 1949, Fred France, mkulu wachinyamata woyang'anira nkhalango paphirili, adakokoloka ndi madzi pamene ankaoloka mtsinje wosefukira kumtunda kwa chigwembe cha Ruo, ngakhale adali atamangirira chingwe. Adali paulendo ndi wolemba mabuku wa ku South Africa, Laurens van der Post, amene adafotokoza za ngoziyi m'buku lake la Venture to the Interior. Kanyumba kena ku Chambe kamadziwikabe ndi dzina la France. Ngoziyi siidachitike pakati pa dzinja, koma pa mvula ya chiperoni, dzinja litatha. Pali maphunziro awiri. Ngakhale m'miyezi yabwino chigwembe chimatha kudzaza, ndipo chingwe chimene chimapulumutsa munthu pathanthwe chingathe kumupanikiza pansi pa madzi othamanga. Mtsinje ukadzaza, nzeru ndi kudikira kuti uphwe, ngakhale kutero kutanthauze kugona kutsidya.

Chigawo chapakati ndi gombe la Salima

Kwa zaka zambiri masewerowa adali a alendo ndi azungu ogwira ntchito m'dziko muno. Zinthu zidayamba kusintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, pamene bungwe la Climb Malawi lidakhazikitsidwa ku Lilongwe. Lidayambira pa khoma limene Tyler Algeo wa ku Canada adamanga pakhomo pake, ndipo pambuyo pake lidatsegula malo ophunzirira mumzindamo, kumene achinyamata amabwereka nsapato ndi zipangizo. Ed Nhlane ndi mmodzi mwa Amalawi amene adatsogolera ntchitoyi. Okwera a bungweli akhala akutsegula njira zokhomedwa mabawuti ku Nathenje, kufupi ndi Lilongwe, ndi ku Mulundi, chakumalire ndi Mozambique. Kwa munthu wa mumzinda wofuna kuyamba, khomo lake ndi limeneli: khoma lochita kupanga choyamba, kenaka njira zazifupi pamwala weniweni pamodzi ndi odziwa.

Salima ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe. Msewu wa M14 umatsika chikweza chachikulu cha chigwa cha nyanja, ndipo kutentha kumawonjezeka munthu akamatsika. Cha kummwera kwa msewuwu kuli nkhalango yotetezedwa ya Thuma, ya mapiri ndi makwawa, mmene muli njovu ndi njati, ndipo salowamo popanda chilolezo ndi mlonda. Kugombe, phiri la Senga lili ndi miyala ikuluikulu yoyang'ana kunyanja, ndipo patsogolo pake pali kachilumba ka Namalenje. Zilumba za Maleri, cha kummwera, zili mbali ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse wa UNESCO mu 1984.

Miyala ya kugombe imakopa anthu kukwera pamwamba pa madzi popanda chingwe, poganiza kuti akagwa agwera pofewa. Pachilumba cha Mallorca ku Spain kakweredwe kotere n'kotchuka. Panyanja ya Malawi pali zoyenera kusamala. Madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi pa chaka, choncho pamene padali pakuya mu Meyi pangathe kukhala posaya mu Novembala, mwala wobisika uli pafupi. M'madera ena muli ng'ona ndi mvuu. Msodzi wa pamalopo ndiye amadziwa za pansi pa madziwo, ndipo safunsa adadya phula.

Ngozi zina ndi kapewedwe kake

Njuchi zimamanga m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe, ndipo ndi imodzi mwa ngozi zazikulu kwa munthu wopachikika pa chingwe, amene sangathawe. Mavu nawo amakonda pansi pa miyala yolendewera. Njoka zimaothera dzuwa pa makonde a mwala, ndipo anyani ndi mbuzi zoyenda pamwamba zimagwetsa miyala. Kuyang'anitsitsa njira yonse musanachoke pansi, kuvala chisoti ndi kusapisa dzanja m'dzenje losaoneka mkati kumachepetsa zambiri mwa ngozizi.

Mphenzi ili ndi kawerengedwe kake. Masekondi atatu pakati pa kung'anima ndi kugunda kwa bingu ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akachepera 30, munthu ayenera kuchoka pansonga ndi pamalo apambalambanda. Kuzizira nako kumapha. Mu Julayi 2009, Gabriel Buchmann, katswiri wa za chuma wa ku Brazil, adapitirira yekha kulowera ku Sapitwa atasiya womutsogolera. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patatha pafupifupi masabata atatu, atafa ndi kuzizira. Nkhani yake idajambulidwa m'kanema wa Gabriel and the Mountain wa 2017.

Kupulumutsa munthu paphiri m'dziko muno kumadalira kwambiri anthu oyenda pansi: otsogolera alendo, onyamula katundu, apolisi ndi anthu a m'midzi yozungulira. Kumatenga maola ambiri kapena masiku, ndipo m'zigwembe foni simagwira. Wokwera aliyense amayenera kusiya uthenga wa kumene wapita ndi nthawi yobwerera, kunyamula tochi, chovala chofunda ndi madzi okwanira, komanso kuikiratu ola lobwerera ngakhale nsonga ili pafupi.

Eni matanthwe

Palibe thanthwe lopanda mwini. Lina lili m'nkhalango ya boma, lina m'malo otetezedwa a nyama, lina pa malo a mfumu, ndipo ambiri ali ndi mbiri ya chipembedzo cha makolo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, zina za Akafula ndi zina za Achewa, ndipo derali lidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Kukhoma bawuti, kupaka ufa woyera kapena kupalasa ndere pamwala wotere ndi kuwononga chosabwezereka. Mu Julayi 2025 phiri la Mulanje nalo lidalowa m'kaundula yemweyo, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga malo a mizimu ya makolo.

Choncho wofuna kutsegula njira yatsopano amayamba kwa nyakwawa kapena ku ofesi ya za nkhalango, amafunsa malo oletsedwa, sadutsa m'minda ya anthu mwachisawawa, ndipo amalemba ntchito otsogolera a pamalopo. Ku Mulanje mabanja ambiri amadalira ntchito yotsogolera ndi kunyamulira alendo katundu, ndipo mpikisano wa pachaka wa Porters' Race, wa makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri, udayambira pa onyamula katunduwo. Masewerowa akamakula, phindu lake lidzakhalitsa pokhapokha eni malo akhale ndi mawu pa kayendetsedwe kake, monga zilili ku Mbenji, kumene malamulo akhala akutsatidwa kwa zaka pafupifupi 70 chifukwa adachokera kwa anthu a komweko ndipo amawalondoloza ndi iwo omwe.

Mwachidule

Miyezi yabwino yokwera matanthwe m'Malawi ndi Meyi mpaka Seputembala, ndipo Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yoposa, bola munthu asamale chiperoni ndi kuzizira kwa usiku. Okutobala ndi Novembala ndi ya m'mawa wokha kapena ya malo okwera. Kuyambira Disembala, pamene asodzi a ku Mbenji amapakira makoka awo kubwerera ku Chikombe, makoma aakulu ndi zigwembe ziyenera kusiyidwa mpaka mvula itatha. Oyamba kumene angaphunzire chaka chonse pakhoma lochita kupanga ku Lilongwe, n'kudikira kuti mwala uume.